Fizi ya mwana wa Mmaasai imachokera m'khola

Kumwera kwa Kenya, m'madera a Kajiado ndi Narok, komanso kumpoto kwa Tanzania cha ku Longido, Monduli, Simanjiro ndi Ngorongoro, mabungwe othandiza Amaasai ndi osawerengeka. Ena amagawa mbuzi ndi ng'ombe, ena amamanga makalasi, ena amalipirira atsikana sukulu. Nthawi zambiri aliyense amayenda njira yakeyake: a ziweto amabwera ndi alangizi awo, a maphunziro amabwera ndi mabuku awo, lipoti lililonse n'kulembedwa palokha. Koma pakhomo pa Mmaasai thumba ndi limodzi. Ng'ombe yomwe yagulitsidwa pamsika wa Bissil ndiyo yasanduka yunifolomu ndi fizi, ndipo mnyamata amene wakhala pa desiki m'mawa uno ndi mbusa amene wasowa kubusa. Wofuna kuti ana a Amaasai aphunzire ayenera kuyamba wamvetsa mmene khola limayendera, apo ayi thandizo lake limatha tsiku lomwe iye wanyamuka.

Mmene pakhomo pamayendera

Kalembera wa ku Kenya wa 2019 adapeza Amaasai 1,189,522, ndipo ku Tanzania kulinso ena ochuluka. Mudzi wawo, womwe amautcha enkang, ndi bwalo lozunguliridwa ndi mpanda wa minga. Nyumba zimandanda m'mphepete, ng'ombe zimagona pakati. Omanga nyumba ndi amayi, pogwiritsa ntchito mitengo, dothi ndi ndowe.

Mkazi akalowa m'banja, mwamuna amampatulira ng'ombe zina kuti azikama. Mkaka wa ng'ombe zimenezo ndi wake: amadyetsa ana, wina amauika m'chipanda chofukizidwa ndi utsi kuti ukhale chambiko, wotsala angathe kugulitsa. Ng'ombezo m'tsogolo zidzakhala za ana ake aamuna. Koma mphamvu yotulutsa ng'ombe m'khola kupita nayo kumsika ili m'manja mwa bambo. Mfundoyi ikuoneka yaing'ono, komatu ndiyo imagamula zambiri. Ndalama zing'onozing'ono za tsiku ndi tsiku, za kope, sopo ndi pensulo, zimachokera kwa mayi. Ndalama zazikulu za sekondale zimadikira kuti bambo avomere. Pabanja lamitala, pomwe nyumba zitatu kapena zinayi zikuyang'ana khola limodzi, mwana wa mayi wosamveka mawu ndiye amatsalira.

Ntchito nayo idagawidwa potengera msinkhu. Ana aang'ono amayang'anira matole ndi ana a mbuzi pamsipu wosungidwa pafupi ndi mudzi, womwe umatchedwa olopololi. Okulirapo amapita ndi mbuzi ndi nkhosa. Anyamata amatsogolera ng'ombe, ndipo chilala chikavuta, achinyamata a msinkhu wa ankhondo, otchedwa ilmurran, ndiwo amasamuka nazo kupita kutali kwa miyezi. Atsikana amathandiza kukama, kutunga madzi ndi abulu, ndi kutola nkhuni. Palibe mwana wongokhala. Aliyense wopita kusukulu amasiya mpata womwe wina ayenera kuutseka.

Mlendo akaona ng'ombe 20 pakhomo amafulumira kunena kuti anthuwa ndi olemera, angogulitsa imodzi basi. Masamu ake sali choncho. Ng'ombe yachimaasai ndi yaing'ono, yalinunda, yopirira ludzu, koma mkaka womwe imasiyira anthu thole likayamwa ndi pafupifupi lita imodzi patsiku, ndipo m'chilimwe umachepa kuposa apo. Akatswiri a ziweto amawerengera kuti munthu mmodzi amafunika ng'ombe 4 kapena 5 kuti adalire ziweto zokha. Banja la anthu 10 lokhala ndi ng'ombe 20 lili kale pansi pa mzere. Komanso zambiri mwa ng'ombezo ndi zazikazi, ndipo kugulitsa ng'ombe yaikazi kuli ngati kukazinga chimanga chambewu. Zogulitsika popanda kuvulaza khola ndi zamphongo zochepa ndi zokalamba.

Umphawiwu uli ndi mbiri

Cha m'ma 1891 mliri wa rinderpest udapha pafupifupi ng'ombe 9 mwa 10 zilizonse kum'mawa kwa Africa, pambuyo pake kudabwera nthomba ndi njala. Amaasai amaitcha nyengo imeneyo Emutai. Asanadzuke bwinobwino, atsamunda a ku Britain adawasainitsa mapangano awiri, la 1904 ndi la 1911, omwe adawachotsa m'malo a msipu wabwino cha ku Naivasha, Nakuru ndi Laikipia n'kuwakankhira kumwera. Adakasuma kukhoti, koma mu 1913 mlandu wawo udatayidwa. Ku Tanganyika adachotsedwa ku Serengeti mu 1959 ndi lonjezo loti Ngorongoro idzakhala kwawo. Mu 1974 Amboseli idasanduka paki ya boma, ndipo madambo omwe ziweto zinkadalira m'chilimwe adagwera mkati mwa malire.

Kenako kudabwera lamulo la ku Kenya la 1968 lomwe lidaika malo odyetserako ziweto m'manja mwa magulu olembetsedwa. Kuyambira m'ma 1980 malo amagulu aja adayamba kugawidwa kwa munthu mmodzimmodzi, zikalata zikulembedwa m'maina a abambo. Ambiri adagulitsa, ogulawo n'kuzika mipanda ya waya. Vuto la mpanda ndi lakuti kumalo ouma mvula imagwa mwa apa ndi apo. Chigwa china chimabiriwira pomwe china chili mbee, ndipo luso lonse la mbusa lili pa kudziwa kokathamangira. Njira ikatsekedwa, ng'ombe zimafera pomwe zaima.

Kafukufuku wowerenga nyama kuchokera m'ndege adaonetsa kuti pakati pa 1977 ndi 2016 ng'ombe za m'madera ouma a Kenya zidachepa ndi 25 peresenti, pomwe mbuzi ndi nkhosa zidachuluka ndi 76 peresenti, chonsecho anthu akuwonjezekerabe. Chilala cha 2009 chidasesa makola cha ku Amboseli, ndipo pakati pa 2020 ndi 2023 mvula idakanika nyengo 5 zotsatizana, Kenya n'kutaya ziweto zoposa 2 miliyoni. M'miyezi ngati imeneyo abusa amafika ndi ng'ombe mpaka m'misewu ya Nairobi, ng'ombe yowonda imagulidwa pamtengo wa mbuzi, ndipo makalasi amakhuthuka chifukwa ana atsatira ziweto.

Kupatsa ziweto, ndi kuzisunga zamoyo

Thandizo lomwe limakopa opereka ndalama ndi logawa ziweto, chifukwa limaoneka ndi maso ndipo limajambulika. Lingathe kugwira ntchito, koma lili ndi misampha. Ng'ombe imatenga miyezi 9 ili ndi bere, ndipo yachimaasai imayamba kubereka ili ndi zaka pafupifupi 4. Banja lomwe lalandira thole limodzi lero lidzadikira zaka kuti lione mkaka, ndipo njala kapena fizi ikafika pakatipo, tholelo limathera kumsika. Mbuzi imabereka pakatha miyezi 5, imadya masamba a mitengo udzu ukatha, imagulitsika msanga, ndipo bambo sailondalonda ngati mmene amachitira ndi ng'ombe. N'chifukwa chake mabungwe odziwa ntchito amayamba ndi mbuzi ndi nkhosa zingapo nthawi imodzi, amazigula m'dera lomwelo kuti zikhale zozolowera nthenda za kumeneko, ndipo amaperekanso chimanga kwa miyezi ingapo kuti banja lisadye chiyambi chake.

Amaasai adali kale ndi njira zawo zodzutsira munthu amene khola lake latha. Pali ubale wa osotua, womwe anthu awiri amamangana kuti wina akasowa apemphe, winayo apereke ngati ali nacho, popanda kuwerengerana ngongole. Ife timati kupatsa n'kuika, ndipo iwo adaukhazikitsa mwambiwo kukhala dongosolo. Palinso ewoloto, pomwe a fuko limodzi amasonkha ziweto kupatsa banja lomwe lasaukiratu. Ku Ngorongoro, ntchito ya Ereto yomwe idayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi ndalama za ku Denmark idamangidwa pamwambo umenewu: abale asonkhe kaye, ntchitoyo iwonjezere. Ubwino wake ndi wakuti osankha wolandira ndi anthu omudziwa, ndipo wolandirayo amachita manyazi kugulitsa mbuzi yomwe amalume ake adapereka. Ndondomeko zopatsirana ziweto zomwe alimi a ku Malawi ndi Zambia amazidziwa zimayenda bwino kapena kugwa pa chifukwa chomwechi.

Ndi bwinonso kukumbukira kuti anthuwa sadziona ngati olandira okha. Mu 2002 anthu a ku Enoosaen, atamva kwa mwana wawo Kimeli Naiyomah za chiwembu cha pa 11 Seputembala 2001 ku New York, adapereka ng'ombe 14 kwa anthu a ku America ngati chipepeso. Ng'ombezo zidatsala ku Kenya komweko zikuswana, ndipo mu 2006 ofesi ya kazembe wa America idabweza ulemuwo polipirira sekondale ana 14 a m'deralo.

Komabe, mwa zonse zomwe zayesedwa, ine ndimaona kuti chomwe chili ndi phindu lalikulu pa ndalama yochepa ndi kuteteza ziweto zomwe zilipo kale. Mdani wamkulu wa matole ndi nthenda ya East Coast fever, yomwe Amaasai amati oltikana. Imafala ndi nkhupakupa zofiirira zokonda kuluma m'makutu. Thole limatupa mwanabele pansi pa khutu, limatentha thupi, limapuma movutika, kenako thovu limatuluka m'mphuno, ndipo pakatha milungu itatu kapena inayi chilumidwireni limakhala litafa. Nthendayi imapha ng'ombe pafupifupi 1 miliyoni pachaka mu Africa.

Katemera wake ndi wachilendo. Muli tizilombo tamoyo ta nthendayo, tosungidwa m'timachubu m'chigubu cha nayitrojeni wozizira koopsa. Mlangizi amasungunula kachubu, kusakaniza ndi madzi ake, kuyeza chifuwa cha thole ndi tepi kuti adziwe kulemera kwake, kulibaya tizilomboto pafupi ndi khutu, nthawi yomweyo n'kulibayanso mankhwala a oxytetracycline okhalitsa m'thupi. Thole limadwala pang'ono, thupi limaphunzira, ndipo limatetezeka moyo wake wonse. Pomaliza amaliika ndolo ya pulasitiki, ndipo m'misika ya kumpoto kwa Tanzania ng'ombe ya ndolo imeneyi ogula amaikweza mtengo. Kachubu kamodzi kamakwanira matole 40 ndipo kakasungunuka kayenera kutha m'maola ochepa, choncho makomo angapo amayenera kugwirizana tsiku n'kusonkhanitsa matole pamodzi. Katemerayu, wotchedwa Muguga cocktail, ankapangidwa ku ILRI, bungwe lofufuza za ziweto la ku Nairobi, ndipo kuyambira mu 2014 ntchito yomupanga idaperekedwa ku Centre for Ticks and Tick-Borne Diseases ku Lilongwe. Ambiri a ife timadutsa mumzindawu osadziwa kuti muli ntchito yokhudza makola a ku Longido.

Mu 2016 magazini ya Science Advances idasindikiza kafukufuku wa akatswiri a ku Washington State University pa mabanja oweta ziweto kum'mawa kwa Africa. Adapeza kuti mabanja obayitsa katemerayu amataya matole ochepa, amakama mkaka wambiri, amawononga ndalama zochepa pa mankhwala, ndipo phindulo limapita ku chakudya, kuchipatala ndi kusukulu, makamaka kwa atsikana. Tanthauzo lake n'lomveka: ndalama zikachepa, woyamba kutsitsidwa m'kalasi ndi mtsikana, ndipo zikawonjezekera pang'ono, woyamba kubwerera ndi iyeyo.

Pa nkhani ya mitundu ya ziweto, mbiri ya nkhosa ili ndi phunziro lowawa. Kuyambira m'ma 1970 alangizi adalimbikitsa nkhosa za Dorper zochokera ku South Africa chifukwa zimakula msanga. Anthu adazisakaniza ndi nkhosa yawo yofiira, Red Maasai, mpaka yeniyeniyo idayamba kusowa. Chilala cha 2009 chitafika, za Dorper zidafa zambiri, pomwe yofiira ija, yomwe imapiriranso njoka zam'mimba, idalimba. Ng'ombe za Sahiwal ndi Boran nazo zimapereka mkaka ndi nyama zochuluka, koma zimafuna msipu ndi madzi zomwe chaka choipa sichipereka.

Zilombo nazo zimadya fizi. Mkango kapena fisi akalowa m'khola usiku umodzi, teremu yonse yapita. Ku Simanjiro bungwe la African People & Wildlife limathandiza kumanga makola a mitengo yamoyo yolukidwa ndi waya, omwe zilombo zimalephera kuboola. Ku Kitengela mnyamata Richard Turere, akuweta ng'ombe za bambo ake, adalumikiza mababu a tochi ndi batire ya galimoto kuti aziphethira usiku ngati munthu akuyendayenda, mikango n'kuleka kubwera. Luso limenelo lidampezera malo pasukulu ya Brookhouse ku Nairobi. Palinso nthenda yomwe ana a nyumbu amapatsira ng'ombe m'miyezi yomwe nyumbu zikuswa, yomwe imakakamiza abusa kuthawa msipu wabwino n'kupita kutali ndi mudzi, kutalinso ndi sukulu.

Mtengo weniweni wa sukulu

M'nthawi ya atsamunda mafumu ankauzidwa kupereka chiwerengero cha ana kusukulu, ndipo abambo ambiri ankatumiza mwana yemwe ankamuona kuti kubusa alibe phindu. Sikudali kupusa. Sukulu inkabwera ndi boma lomwe lidawalanda malo, ndipo inkaphunzitsa mwana kunyoza moyo wa makolo ake. Ena mwa ana otumizidwawo adadzakhala atsogoleri. Edward Moringe Sokoine wa ku Monduli adakhala nduna yaikulu ya Tanzania kuyambira 1977 mpaka 1980, komanso kuyambira 1983 mpaka imfa yake pangozi ya galimoto mu 1984.

Lero zinthu zidatembenuka. Makolo ambiri akufuna sukulu, chifukwa aona kuti m'chilala khomo lomwe lili ndi mwana wolandira malipiro ndilo limagula udzu ndi kutumiziridwa ndalama pafoni kudzera pa M-Pesa. Kenya idachotsa fizi ya pulayimale mu 2003. Tanzania idachita zimenezi mu 2002, ndipo mu 2016 idafikitsa ulerewo mpaka Fomu 4. Koma aliyense wokumbukira za 1994 ku Malawi akudziwa kuti sukulu yaulere siikhala yaulere kwenikweni. Pali yunifolomu, nsapato, zopereka zolipirira aphunzitsi olembedwa ndi makolo, ndipo kwa ana a kumalo otalikirana pali ndalama yogonera konko, yomwe ndiyo yaikulu.

Nthawi yolipirira nayo imapweteka. Teremu ikamatsegulidwa aliyense amathamangira kumsika sabata imodzimodzi, ng'ombe zimachuluka, mavenda n'kutsitsa mtengo. Teremu yachitatu ku Kenya imayamba chilimwe chili pachimake, ziweto zitawonda. Banja limagulitsa ziwiri pomwe likadagulitsa imodzi miyezi itatu yapitayo. Apa magulu osunga ndi kubwereketsana ndalama, onga banki m'khonde, ndi makopaletivi a mkaka a amayi monga a ku Kajiado amathandiza kuposa mmene amaonekera, chifukwa amalola mayi kulipira lero n'kudikira kuti msika ukhale bwino.

Ndalama ikapezeka, funso la mbusa limatsalabe. Olemera amalemba ganyu woweta pamwezi. Ena amaphatikiza makola kuti munthu mmodzi awetere mabanja angapo. Koma m'makomo ambiri katunduyo amagwera mayi, amene tsopano amakama, amatunga, amaphika, n'kupitanso kubusa. Ndipo kawirikawiri mwana mmodzi amasungidwa pakhomo, nthawi zambiri wodalirika kwambiri, kuti abale ake aphunzire ndi thukuta lake. Mwana ameneyu saoneka m'malipoti a mabungwe olipirira fizi. Abale a Amaasai, Asamburu, adayesa sukulu zamadzulo za abusa zotchedwa lchekuti, pomwe ana amaphunzira ziweto zikalowa m'khola. Boma la Kenya lili ndi bungwe loona za maphunziro a anthu osamukasamuka, NACONEK, ndi sukulu zogonera konko zotsika mtengo. Zinthu wamba zimathandizanso kwambiri: phala kapena chimanga ndi nyemba masana, ndi mjigo pafupi ndi sukulu womwe umachititsa kuti amayi ndi ana atsale pamudzi ng'ombe zikasamuka. M'madera ena oyandikana ndi Amboseli ndi Mara ana amachedwa dala kunyamuka m'mawa podikira kuti njovu zichoke m'njira.

Mwana akafika m'kalasi amakumananso ndi khoma la chinenero. Kwawo amayankhula Maa. Ku Tanzania pulayimale imaphunzitsidwa m'Chiswahili, sekondale m'Chingerezi. Ku Kenya Chingerezi chimatenga malo kuyambira m'kalasi yachinayi. Mphunzitsi amakhala wochokera dera lina, wosamva Maa, woona kutumizidwa kumeneko ngati chilango. Mwana wodziwa ng'ombe 80 imodziimodzi ndi mzere wa amayi ake, wotha kuzindikira kuti imodzi yasowa osawerenga n'komwe, amalembedwa kuti ndi wofooka m'masamu. Kulipirira achinyamata a m'deralo maphunziro a uphunzitsi, ndi kutsegula sukulu zamkaka zoyamba m'chinenero chawo, n'kofunika kuposa kumanga kalasi ina yopanda mphunzitsi.

Atsikana

Kwa mtsikana ng'ombe zimakoka mbali zonse ziwiri. Zingamulipirire sukulu, komanso zingamuchotse, chifukwa ukwati wake umabweretsa ng'ombe za chiwongo. Chilala chikatha makola ali pululu, maukwati a ana amachuluka. Mdulidwe wa atsikana, womwe umatengedwa ngati khomo lolowera ukulu ndi ukwati, udaletsedwa ndi lamulo ku Kenya mu 2011, koma kafukufuku wa boma wa 2014 adapeza kuti amayi 78 mwa 100 alionse achimaasai adadulidwa. Tchuthi chachitali cha Disembala ndiyo nthawi yoopsa.

Omwe asuntha zinthu kwambiri ndi ana a m'mudzi momwemo. Kakenya Ntaiya wa ku Enoosaen adapangana ndi bambo ake kuti alola mwambowo pokhapokha amusiye amalize sukulu. Adafika mpaka pa digiri ya udokotala wa maphunziro ku University of Pittsburgh, ndipo mu 2009 adatsegula sukulu yogonera konko kwawo, komwe makolo amalonjeza kuti mwana wawo sadzadulidwa kapena kukwatitsidwa ali pasukulu. Nice Nailantei Leng'ete adathawa mdulidwe ali mwana, kenako adakhala zaka akukambirana ndi akuluakulu ndi ilmurran mpaka midzi idavomera chinamwali chopanda lumo, momwe madalitso, nyimbo ndi malangizo zimatsala. Sukulu ya AIC Girls ku Kajiado yakhala ikulandira atsikana othawa maukwati kwa zaka zambiri, ndipo ku Monduli kuli MaaSae Girls yomwe idatsegulidwa mu 1995.

Malo othawirako amapulumutsa moyo, ndipo sindingawachepetse. Koma mtsikana sangakhale kumeneko mpaka kale, ndipo wotembereredwa ndi bambo ake amanyamula bala lomwe satifiketi siichiza. N'chifukwa chake ntchito yovuta kwambiri ndi yoyanjanitsa, ndipo kuyanjanako kumaphweka pamene bambo sakuona kuti waluza chuma. Bungwe la Pastoral Women's Council, lomwe Maanda Ngoitiko ndi amayi anzake adayambitsa mu 1997 ku Loliondo, lidagwira mfundoyi pamutu. Lili ndi makola a amayi, momwe ziweto ndi za gulu la amayi, zimaswana n'kupatsidwa kwa ena, ndipo phindu lina limalipirira atsikana sukulu. Mayi wokhala ndi mbuzi zakezake amayankhula mosiyana pamene nkhani ya ukwati wa mwana wake yafika pabwalo. Mlendo wa kunja wolipirira mwana mmodzi angatope kapena kumwalira, koma mbuzi za mayi zimakhala zikuswanabe.

Palinso funso lomwe okonda sukulu sakonda kulimva: akamaliza Fomu 4, kenako chiyani? Achinyamata ambiri amabwerako opanda ntchito, atataya luso la kubusa. Ena amakathera pa ulonda ku Dar es Salaam, Mombasa ndi Zanzibar, ena kuluka tsitsi ndi kugulitsa nsapato mpaka ku Lusaka. Bambo amene adagulitsa ng'ombe 10 n'kuona zimenezi sadzagulitsanso za mwana wachiwiri. Maphunziro omwe amabweza ngongole yawo ndi omwe amatulutsa alangizi a ziweto, anamwino, aphunzitsi, oyeza malo, maloya ndi amalonda odziwa mtengo wa nyama kumsika wa Kiserian asanakumane ndi venda.

Pansi pa zonsezi pali malo

Katemera, mbuzi ndi makalasi sizingathandize ngati msipu wapita. Ku Ngorongoro anthu adali pafupifupi 10,000 mu 1959, lero ali pafupifupi 100,000, ulimi udaletsedwa mu 2009, ndipo kuyambira mu 2022 boma la Tanzania lakhala likusamutsira mabanja ku Msomera m'boma la Handeni, mtunda wa makilomita pafupifupi 600. Boma limati anthu akusamuka mwa kufuna kwawo. Bungwe la Human Rights Watch lidalemba mu 2024 kuti ndalama za sukulu ndi zipatala za m'deralo zidachepetsedwa, zomwe zimakankha anthu kuti achoke. Mu Juni 2022 malo okwana masikweya kilomita 1,500 ku Loliondo adadulidwa kukhala osungirako nyama, anthu n'kuvulala pa mkangano womwe udabuka. Mu Ogasiti 2024 Amaasai zikwizikwi adatseka msewu wa alendo wa ku Ngorongoro pofuna kuti amvedwe. Omwe amalemba madandaulo, kutanthauzira malamulo ndi kuimirira m'makhoti pa milandu imeneyi ndi ana omwe adaphunzira ndi ndalama za ng'ombe.

Ku Kenya njira ina yakhala yobwereketsa malo. Kuzungulira Maasai Mara, eni malo amaphatikiza magawo awo kukhala malo osungirako nyama, monga Olare Motorogi, Mara North ndi Naboisho yomwe idayamba mu 2010 ndi eni malo oposa 500, ndipo makampani okopa alendo amawalipira lendi mwezi ndi mwezi. Ndalamayi imabwera ngakhale mvula ikanike, ndipo yambiri imapita kusukulu. Koma imalowa mu akaunti ya mwini chikalata, amene nthawi zambiri ndi bambo, wopanda malo salandira kanthu, ng'ombe zimaloledwa kudya mwa malamulo okhwima, ndipo mu 2020 alendo atasiya kubwera chifukwa cha COVID-19 malipirowo adadulidwa pakati.

Chitsanzo chomwe chimaonetsa bwino mphamvu ndi malire a njirayi ndi cha ku Kitengela, kumwera kwa Nairobi National Park. Kuyambira mu 2000 eni malo ankalandira mashilingi 300 pa ekala pachaka akalonjeza kusazika mpanda, kusalima ndi kusagulitsa. Okonza ndondomekoyi adachita chinthu chanzeru: ndalamazo zinkaperekedwa katatu pachaka, nthawi yomwe teremu ikutsegulidwa. Zotsatira zake, gawo lalikulu linkapita ku fizi, ng'ombe zinkatsala m'khola, ndipo njira za nyumbu ndi mbidzi zinkakhala zotseguka. Amayi ankaikonda chifukwa ankadziwa tsiku lomwe ndalama ifike ndi komwe ipite. Koma Nairobi inkakula kulowera komweko, mtengo wa ekala imodzi udakwera kufika mamiliyoni a mashilingi, ndipo mashilingi 300 sakadapikisana nawo. Ndondomekoyo inkadaliranso opereka thandizo, omwe ndalama zawo zidali ndi tsiku lothera. Ambiri adagulitsa, ndipo mbali yaikulu ya chigwa chomwe ng'ombe ndi nyumbu zinkadyera limodzi tsopano ndi mapuloti, mafakitale ndi nyumba zalendi za anthu ogwira ntchito mu Nairobi.